Mukafika ku Mzimba dzuwa litalowa, mukagona kuti?

Amene mumakonda kusuzumira pa TikTok kapena Instagram tulo tisanabwere, mwina mudaonapo timavidiyo ta timahotela ta ku Japan. Munthu akutsegula chitseko, kamera ikuyenda pang'onopang'ono. Bedi layalidwa ngati sipadagonepo munthu, kazenera kayang'ana kumsewu wodzaza njinga ndi timashopu, pathebulo pali kapu ya tiyi, pakhomo pali masilipasi akudikira mwini wake. Kachipinda kakeko n'kakang'ono zedi, mwina kochepa kuposa khitchini ya kwanu. Koma pansi pa vidiyoyo anthu ali kalikiliki kulemba kuti amalakalaka atakagonako tsiku lina.

Bandulo ikatha timabwerera kwathu kuno. Ndiye tsiku lina ntchito, ukwati, maliro kapena malonda zikukutengerani ku Mzimba. Basi yakutsitsani pamphambano mu M1, mwapanikizana ndi anzanu mu Sienta, mwafika pa boma mdima utagwa kale, foni ili ndi kamoto kochepa. Wakabaza akukufunsani kuti akakusiyeni pati. Apa m'pamene munthu umazindikira kuti nkhani ya malo ogona siikhudza azungu odzaona malo okha.

Ku Mzimba nkhaniyi ndi yaikulu kuposa momwe imaonekera. M'zipinda zimenezi muli ndalama za anthu amene akhetsa thukuta ku Joni kwa zaka zambiri. Muli ntchito za achinyamata amene sadapeze mwayi wopitiriza sukulu. Mulinso chitetezo cha mayi kapena mtsikana amene akuyenda yekha. Tiyeni tiione bwinobwino, kuyambira ku Tokyo komwe timavidiyo tija timachokera.

Kodi timahotela timeneti n'totani?

Pachingerezi amati boutique hotel. Ndi hotela yaing'ono, ya zipinda zowerengeka, yomwe ili ndi maonekedwe akeake ndipo imatenga khalidwe la dera lomwe ili. Dzinali lidayamba kutchuka ku New York m'chaka cha 1984 pamene Ian Schrager ndi Steve Rubell adatsegula hotela ya Morgans. Anthu adali atatopa ndi mahotela akuluakulu omwe chipinda chake chimafanana paliponse, moti ukadzuka m'mawa sudziwa ngati uli ku London kapena ku Nairobi.

Ku Tokyo kuli dera lotchedwa Shimokitazawa lomwe achinyamata amalikonda kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti lidatchuka ndi zinthu zomwe ifenso tili nazo: mashopu a kaunjika, timalo toimbira nyimbo, timalo tochitira zisudzo ndi tinyumba tomwera khofi. M'chaka cha 2013 njanji ya Odakyu yomwe inkadutsa pakati pa derali adaiika pansi pa nthaka, ndipo pamalo pomwe padali njanjiyo padamangidwa timashopu ndi malo ogona ang'onoang'ono. Mlendo akagona kumeneko amadya m'malesitilanti a anthu a m'deralo, amagula m'mashopu awo, ndipo ndalama yake imazungulira momwemo.

Koma a ku Japan sadaphunzire zimenezi ku New York ayi. Kuyambira kalekale ali ndi nyumba za alendo zotchedwa ryokan, momwe mlendo amavula nsapato pakhomo, amagona pansi pamphasa ya tatami, ndipo chakudya chimakhala cha m'nyengo imeneyo komanso cha m'dera lomwelo. Ina mwa nyumba zimenezi, Nishiyama Onsen Keiunkan, idayamba m'chaka cha 705 ndipo buku la Guinness limaitcha hotela yakale kwambiri padziko lonse. Kasamalidwe kawo ka mlendo amakatcha omotenashi, kutanthauza kuganizira zomwe mlendo afune iye asanapemphe, popanda kuyembekezera kangachepe. M'chaka cha 2024 dzikolo lidalandira alendo pafupifupi 37 miliyoni.

Mukamva zimenezi musafulumire kunena kuti ndi za olemera. Kugona pamphasa, kuvula nsapato pakhomo, kulandira mlendo ndi madzi osamba asanapemphe: kodi agogo anu kumudzi sachita zomwezi? Kusiyana kwake n'kwakuti anzathuwa adatenga ulemu wa pakhomo n'kuulowetsa mu bizinesi, pamene ife nthawi zambiri tikangotsegula bizinesi ulemu uja timausiya kunyumba.

Alendo a Mzimba ndi ndani?

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi tikatengera kukula kwa malo. Pa kalembera wa 2018 bomali lidali ndi anthu oposa 900,000 osawerengera mzinda wa Mzuzu, ndipo tauni ya pa boma idali ndi anthu oposa 26,000. Kuchoka ku Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 280, kuchoka ku Mzuzu ndi makilomita opitirira 100. Kukula kumeneku ndiko kumabala alendo. Munthu wochokera kumalire a boma akabwera kudzaona wodwala kuchipatala, kudzamvera mlandu kapena kudzalondola mapepala ku khonsolo ya M'mbelwa, nthawi zambiri sangabwerere tsiku lomwelo.

Onjezerani ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe amene amabwera ku maphunziro ndi misonkhano. Onjezerani ogula nyemba, soya ndi ng'ombe, komanso ofuna miyala ya mtengo wapatali monga aquamarine, yomwe Mzimba imadziwika nayo. Palinso a chibale amene abwera kudzapereka malobolo kapena kudzakhala nawo paukwati, ndipo kunyumba kwa eni mwambo malo atha.

Kenako kumabwera Ogasiti. Mwezi umenewu Angoni amasonkhana patsinde pa phiri la Hora, kumpoto kwa boma, pa mwambo wa Umthetho womwe amakonza ndi a Mzimba Heritage Association. Amakumbukira ulendo wa makolo awo omwe adawoloka mtsinje wa Zambezi pansi pa Zwangendaba mu Novembala 1835, tsiku lomwe kudachita kadamsana. Inkosi ya Makosi M'mbelwa V imachoka kulikulu lake ku Edingeni, amabwera mafumu, akuluakulu a boma, Angoni anzawo a ku Ntcheu ndi ku Zambia, ndipo ingoma imagunda mpaka fumbi kobo. Masiku amenewo chipinda pa boma chimasanduka golide. Wochedwa kusungitsa malo amagona m'galimoto kapena amakagona ku Mzuzu.

Ndiye alendo alipo. Funso n'lakuti akafika amapeza zotani.

Zipinda zomangidwa ndi ma Rand

Palibe angakambe za chuma cha Mzimba osatchula Joni. Njira imeneyi ndi yakale. Azigogo adapita ku migodi kudzera ku Wenela mpaka 1974, pamene ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ndipo Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito. Pambuyo pake kudabwera TEBA, yomwe idasiya kulemba Amalawi mu 1988. Koma kudalinso oyenda paokha, aja ankati a selufu, ndipo njira yawo ndiyo idakula South Africa italandira ufulu mu 1994. Lero anyamata ndi atsikana a ku Mzimba ali m'minda ya maluwa, m'makhitchini, m'mashopu ndi m'mahotela a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo matransipota amakhalira kuyenda ndi ngolo zodzaza katundu pakati pa maiko awiriwa.

Munthu akasunga kangachepe amafuna chinthu chooneka ndi maso, choti akadzabwerera asadzatchedwe mtchona wobwera chimanjamanja. Ena amagula ng'ombe, ena chigayo, ena galimoto. Ena amamanga nyumba za lendi kapena loji. Pamapepala loji imaoneka yophweka: umange zipinda, uike mabedi, ulembe chikwangwani, ndalama zizilowa.

Tiyeni tiwerengere limodzi mongoyerekeza. Loji ya zipinda 8 pa mwezi wa masiku 30 ingathe kugulitsa malo ogona ka 240. Ngati pa mweziwo yagulitsa ka 60 kokha, ndiye kuti pa zipinda zinayi zilizonse zitatu zagona zopanda munthu usiku uliwonse. Koma mlonda, wochapa ndi wolandira alendo akufuna malipiro awo athunthu. Bilu ya madzi ndi mayunitsi a magetsi sizidziwa kuti kulibe alendo. Sopo, matawulo ndi zofunda zimatha, ndipo zambiri mwa izo n'zochokera kunja, zomwe mitengo yake idalumpha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sabata imodzi ya Umthetho singadyetse loji chaka chonse. Chimene chimaidyetsa ndi mlendo wobwereranso, uja amene akabwera ku msonkhano wina amaimba foni n'kunena kuti mundisungire chipinda changa chomwe chija.

Vuto lina n'lakuti mwini wake nthawi zambiri sakhalapo. Ali ku Joni, akuyendetsa zinthu pa WhatsApp, ndipo pamalopo waika mphwake kapena mlamu wake amene sadaphunzirepo za kulandira alendo. Kaundula salembedwa, malisiti saperekedwa, ndalama ya chipinda chomwe chagona munthu imathera m'thumba. Mpope ukathyoka palibe woukonza chifukwa aliyense akudikira mawu ochokera ku Joni. Pakatha zaka ziwiri utoto wasuluka, zimbudzi zatseka, ndipo thukuta la zaka zisanu lasanduka nyumba ya mileme. Choipa kwambiri, abale adana.

Kwa inu amene muli ndi maganizo omanga, pali zinthu zomwe zingapulumutse ndalama yanu. Yambani ndi zipinda zochepa zomwe mungathe kuzisamala bwino. Ikani ndalama pa thanki ya madzi ndi sola musanaganize za matailosi onyezimira. Alendo azilipira pa nambala ya bizinesi ya Airtel Money kapena Mpamba kuti muziona ndalama iliyonse yolowa ngakhale muli kutali. Lembani ntchito munthu wodziwa, kapena tumizani m'bale wanuyo kusukulu: Mzuzu University ili ndi maphunziro a zokopa ndi kulandira alendo, ndipo Malawi Institute of Tourism imaphunzitsa ophika ndi operekera zakudya. Tenganinso chiphaso ku nthambi ya boma yoona zokopa alendo, chifukwa mabungwe omwe amalipira bwino amafuna malo ovomerezeka ndi risiti yeniyeni.

Dzina loipa la resitihausi

Tisabisane. M'matauni athu ambiri mawu akuti resitihausi ali ndi fungo. Mayi wapabanja akaoneka akutuluka pachipata cha malo otere m'mawa, nkhani imafika kwa apongozi iye asanafike pa depoti. Mtsikana woyenda yekha pa ntchito amafunsidwa mafunso omwe mwamuna safunsidwa. N'chifukwa chake ena amalolera kugona pabenchi kapena kukapanikiza abale omwe alibe malo.

Dzinali silidangogwa kuchokera kumwamba. Eni malo ena adaona kuti ndalama yachangu ili pobwereketsa zipinda kwa maola ochepa ndi kuika bala pakhomo penipeni, nyimbo zili pwepwete mpaka mbandakucha. Ndalama imeneyo imabweradi, koma imathamangitsa banja loyenda ndi ana, m'busa, namwino ndi wogwira ntchito m'bungwe, omwe ndi alendo olipira usiku wathunthu ndiponso obwereranso. Ku Japan malo a maola ochepa aliko, koma ali m'gulu lawolawo ndipo amayendera lamulo lina, moti munthu wosungitsa chipinda cha banja lake amadziwa chomwe akapeze.

Pali mbali ina yomwe siyofunika kuinyengerera. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo kuyambira 2015 tili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu. Mzimba ili panjira ya anthu odutsa, pafupi ndi malire a Zambia. Wolandira alendo amene amapempha chiphaso cha unzika, n'kulemba dzina la aliyense wolowa m'chipinda, n'kukana bambo wobwera ndi mwana wasukulu, akuteteza mwanayo, akutetezanso bizinesiyo. Inu mlendo mukapemphedwa chiphaso musakwiye. Malo osafunsa chilichonse ndiwo ayenera kukudetsani nkhawa.

Zitsanzo zilipo kale kum'mwera kwa boma

Sitikufunika kukwera ndege kuti tione malo ang'onoang'ono okhala ndi khalidwe lawolawo. Kum'mwera kwa mapiri a Viphya, mukapatuka mu M1 n'kutsata msewu wafumbi wolowa m'nkhalango, mumafika ku Luwawa Forest Lodge, pafupi ndi damu la Luwawa. Poyamba idali nyumba ya alendo ya nthambi ya zankhalango. Kumeneko kulibe nyumba zosanjikizana. Chomwe amagulitsa ndi chomwe chilipo: mphepo yozizira ya kumapiri, moto wowotha madzulo, kupalasa bwato padamu, kuwedza, kuona mbalame, kupalasa njinga m'tinjira ta m'nkhalango, ndi ulendo wapansi wa masiku angapo wotsikira kunyanja. Malowa akhala akuchititsanso mpikisano wa njinga za m'mapiri. Anthu amachoka ku Lilongwe, ena kunja kwa dziko, kudzalipira kuti azizidwe ku Mzimba.

Koma chitsanzo chomwechi chikutichenjezanso. Nkhalango ya Viphya, yomwe ambiri timaitcha Chikangawa, idali ndi mahekitala pafupifupi 53,000 a mitengo ya paini, yobzalidwa ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala yomwe siidamangidwe. Aliyense wodutsa mu M1 amaona yekha zomwe moto wolusa ndi macheka zachita: mapiri ambiri adatsala zitsa zokhazokha. Mlendo sangalipire kuti adzaone zitsa. Woyatsa moto posaka mbewa kapena pokwiya ndi abwana ake amawotcha ntchito ya wophika, wochapa ndi wolondolera alendo, omwe mwina ndi abale ake omwe.

Chitsanzo china ndi Embangweni, komwe mumafika mukapatukira pa Jenda. Mishoni ya Loudon idakhazikitsidwa kumeneko mu 1902 ndi m'busa Donald Fraser wa ku Scotland, amene adasamuka ku Hora. Fraser amakumbukiridwa chifukwa cholimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za m'tchalitchi m'mayimbidwe awoawo. Lero pali tchalitchi chachikulu cha njerwa, chipatala, sukulu ya ana osamva, Robert Laws Secondary School ndi sukulu ya aphunzitsi, zonse pansi pa Sinodi ya Livingstonia. Malo otere amakhala ndi alendo chaka chonse: odikirira odwala, makolo, ophunzira za udokotala ochokera kunja, anthu a mpingo. Mbiri yokhayo ndi katundu wogulitsika, bola pakhale wina woifotokoza.

Jenda nayo ili ndi alendo ake. Ndi pamsika pomwe mabasi amaima anthu n'kugula tomato, anyezi ndi mbatatesi, ndiponso pamphambano ya njira yopita ku Lundazi m'dziko la Zambia. Madalaivala ndi amalonda amagona pamenepo usiku ndi usiku. Iwo safuna maluwa pathebulo. Amafuna malo otetezeka oimika galimoto, madzi otentha m'mamawa ndi chitseko chokhomeka bwino. Kudziwa mlendo wako n'kumupatsa chomwe akufunadi, umenewo ndiwo omotenashi wa pa Jenda.

Chimene mlendo amalipira kwenikweni

Ambirife tidagonapo pamalo pomwe chithunzi cha pa Facebook chidatinamiza. Kunja kuli mpanda wokongola, m'kati muli TV yaikulu yosayaka, mpope ukungotulutsa mphepo, masikito ali ndi bowo lolowa mutu, ndipo pilo akununkha mafuta a m'mutu a munthu wina. Ukadandaula amakuyankha kuti abwana kulibe. Zinthu zomwe zimasiyanitsa malo abwino ndi oipa n'zotsika mtengo kuposa TV ija.

Choyamba ndi madzi. Ngati shawa siikutentha, ndowa ya madzi otentha yofika pakhomo nthawi yomwe mudagwirizana imakwanira, ndipo palibe mlendo angaiwale ulemu umenewo. Chachiwiri ndi zofunda. Mzimba imazizira mu Juni ndi Julayi, makamaka kumapiri, choncho bulangete lachiwiri liyenera kukhala m'chipinda mlendo asanapemphe. Chachitatu ndi kuwala: magetsi akazima pakhale nyale ya sola ndi potchajira foni pafupi ndi bedi, chifukwa kwa mlendo wa lero foni ndiyo banki, mapu ndi tochi. Chachinayi ndi bata. Munthu amene ali ndi intavyu kapena mlandu 8 koloko m'mawa walipira tulo.

Pa chakudya m'pamene timataya mwayi waukulu. Maloji ambiri amaganiza kuti mlendo amafuna tchipisi ndi soseji basi. Chonsecho mu 2017 bungwe la UNESCO lidaika nsima pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa padziko lonse, pomwe palinso gule wa vimbuza wa kumpoto konkuno. Sima ya ku Mzimba ndi nkhuku yachikaya, nyemba, mphangwe yotendera, bowa m'nyengo ya dzinja, chambiko kwa okonda mkaka: chimenecho ndi chakudya chomwe mlendo wochokera ku Blantyre angajambule n'kutumiza kwa anzake. M'mawa m'malo mwa khofi wa m'chitini wochokera kunja, bwanji osapereka khofi wa Mzuzu, yemwe ena mwa alimi ake ali konkuno kum'mwera chakum'mawa kwa Mzimba? Ndalama ikagula nkhuku ya mayi wa m'mudzi wapafupi ndi uchi wa mlimi wa m'mbali mwa nkhalango, anthu ozungulira amayamba kuiona loji ija ngati yawo, ndipo amakhala alonda ake osalipidwa.

Pomaliza pali moni. Ku Mzimba ulemu uli m'chilankhulo momwemo. Munthu amakulandirani ndi "Monire", m'mawa amakufunsani "Mwawuka uli?", ndipo akadziwa chiwongo chanu amakuitanani nacho, kaya ndinu a Jere, a Tembo kapena NyaBanda, n'kukuthokozani nacho pomwe. Palibe hotela ya ku Tokyo ingakupatseni zimenezo. Koma wantchito amene sadalandire malipiro miyezi iwiri sangamwetulire kuchokera pansi pa mtima. Mwini loji amene akufuna kuti alendo asamalidwe ayambe wasamala antchito ake.

Musananyamuke

Ngati ulendo wa ku Mzimba uli pafupi, nazi zoti muchite. Funsani munthu amene adagonako posachedwa, chifukwa zithunzi za pa intaneti zimakhala za tsiku lotsegulira. Pemphani kuti akutumizireni pa WhatsApp kavidiyo ka chipinda ndi bafa momwe zilili lero. Funsani mwachindunji ngati pali bala pamalopo, ngati madzi akutuluka, ngati pali sola kapena jenereta, ndiponso ngati mtengowo ukuphatikiza chakudya cha m'mawa.

Musatumize ndalama yonse kwa munthu amene mwangomupeza pa Facebook. Akuba a pa foni amadziwa kuti nthawi ya Umthetho anthu amakhala pa mpanipani. Tsimikizani nambala kudzera kwa munthu wina, perekani yochepa yosungitsira malo, ndipo sungani uthenga wa malipirowo. Mukafika onani chipinda musanalipire yotsalayo: yesani loko, tsegulani mpope, tambasulani masikito. Amene mukuyenda nokha, makamaka amayi, yesetsani kufika kusanade, uzani m'bale dzina la malo omwe mwagona, ndipo pemphani chipinda chapafupi ndi polandirira alendo. Ngati mukupita ku Luwawa kapena kumidzi m'nyengo ya mvula, funsani za msewu, chifukwa Sienta ili ndi malire ake. Juzi musaiwale.

Mukasamalidwa bwino, nenani. Lembani pa Google Maps kapena pa Facebook, tchulani chomwe chidakusangalatsani, uzani anzanu a kuntchito. Loji yaing'ono ilibe ndalama yolengezera pa wailesi, imadalira pakamwa pa alendo ake. Mukakhumudwa, yambani mwauza woyang'anira pamaso musanathamangire pa intaneti, mwina vutolo n'lotheka kulikonza usiku womwewo.

Phunziro lomwe tidalandira kale

Ubale wa Malawi ndi Japan suli pa magalimoto okha. Achinyamata ongodzipereka a ku Japan adayamba kubwera kuno mu 1971 ndipo agwira ntchito m'sukulu, m'zipatala ndi m'midzi yambiri. Kudzera mu ubale womwewu, mu 2003 Malawi idayamba ndondomeko ya One Village One Product, yomwe idachokera m'chigawo cha Oita komwe bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu adaiyambitsa mu 1979. Mfundo yake idali yoti dera lililonse lipeze chinthu chake chomwe lingachite bwino kuposa ena, lichikonze mpaka anthu akutali achifune.

Mzimba ili ndi zinthu zotere zoposa chimodzi: ingoma, Hora, Embangweni, mapiri a Viphya, ng'ombe, khofi, uchi. Ilinso ndi ana ake ambirimbiri amene pakali pano akuyala mabedi, kuphika ndi kuperekera zakudya m'mahotela ndi m'nyumba za alendo za ku South Africa. Anthu amenewa amadziwa kale kuti chipinda choyera chimaoneka bwanji ndiponso kuti mlendo amalankhulidwa motani. Akamabwerera kumudzi, luso limenelo ndi katundu wamtengo wapatali kuposa firiji ndi sofa zomwe zili mu ngolo ya transipota.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amagona usiku umodzi kapena uwiri, n'kupita kukafotokoza zomwe waona. Ogasiti akubwerayu alendo adzadzazanso tauni ya Mzimba. Eni maloji ali ndi miyezi yokonza mipope, kusoka masikito ndi kuphunzitsa antchito awo, ndipo inu amene mukufuna kukaona ingoma pa Hora, yambani kufunsa za chipinda panopa.